Kometi yakutali sikuoneka pamene pulogalamu yaloza: vuto lili pati?

Wophunzira Thambo:
Moni akuluakulu nonse. Funso langa ndi la makometi akutali, aja ali kupitirira Jupiter, monga 29P kapena C/2014 UN271 ya Bernardinelli-Bernstein. Tinene kuti pulogalamu ya pakompyuta yasonyeza malo ake, yanenanso kuti kuwala kwake ndi magnitude 16 (muyeso wa kuwala: nambala ikamakula, chinthucho n'chozilala kwambiri). Telesikopu ya masentimita 20 yokhala ndi kamera yaloza pomwepo, nyenyezi za magnitude 18 zatuluka pachithunzi, koma kometiyo palibe. Kawirikawiri chimalakwika n'chiyani? Manambala a njira yake, wotchi, kapena kuwala kumene pulogalamu yanenako? Ndipo ikapezeka, munthu amayeza bwanji malo ndi kuwala kwake kuti zimene wapezazo zithandize ena?

Kadzidzi:
Takulandirani a Wophunzira. Yambani ndi manambala a njira, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Njira ya kometi imalembedwa ndi manambala 6: q ndi mtunda wake kuchokera kudzuwa ikayandikira kwambiri, T ndi tsiku limene ifike pamenepo, e imasonyeza mmene njirayo yatambalalira kusiyana ndi mkombero weniweni, i ndi kupendekeka kwake poyerekeza ndi njira ya dziko lapansi, ndipo awiri otsalawo amanena kumene njirayo yaloza m'mlengalenga. Palinso epoch, imene anthu sailabadira, pamene ndiyo tsiku limene manambala 6 aja anali oona.

Mapulogalamu ambiri, Stellarium yomwe, amatenga manambalawo n'kuwerengetsera ngati kumwambako kuli dzuwa ndi kometi basi. Koma Jupiter ndi Saturn akuikoka tsiku ndi tsiku, ndipo njira ikusintha. Manambala a zaka ziwiri zapitazo akhoza kukuphonyetsani ndi ma arcminute angapo (arcminute ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri, arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a arcminute), ndipo ngati kometiyo inadutsa pafupi ndi Jupiter pakatipa, kuphonyako kumakula kwambiri. Kusanade, lowani mu Solar System Editor ya Stellarium mukokenso manambala atsopano a ku Minor Planet Center, likulu limene limasonkhanitsa miyeso ya malo a makometi ndi ma asteroid (miyala yozungulira dzuwa). Mukatero tsegulani JPL Horizons, pulogalamu ya NASA ya pa intaneti imene imawerengera kukoka kwa mapulaneti onse. Lembani dzina la kometi, latitude, longitude ndi kukwera kwa malo anu, nthawi mu UT (nthawi ya padziko lonse, ya ku Greenwich), mzere umodzi pa ola lililonse. Pemphani RA ndi Dec (manambala awiri osonyeza malo ake pathambo), liwiro lake pathambo, mtunda wake kuchokera kudzuwa (r) ndi kuchokera kwa ife (delta), kutalikirana kwake ndi dzuwa ndi mwezi, ndiponso 3-sigma, imene imakuuzani kukula kwa malo amene kometiyo ingakhalemo. Ziwirizi zikasemphana, tsatani Horizons.

Mayi Nthanda:
Zonsezo n'zoona a Kadzidzi, koma pali msampha wina wamsanga kuposa umenewo. RA ndi Dec zimalembedwa m'njira ziwiri: ya J2000, yotsata mizere ya pathambo ya chaka cha 2000, ndi ya tsiku lalero. Dziko lapansi limagwedera pang'onopang'ono pamene likuzungulira, ndipo mizere ya pathambo imasuntha pafupifupi ma arcsecond 50 pachaka. Pa zaka 25 kuchokera mu 2000, zimenezi zimakwana ma arcminute 21 m'mbali zambiri za thambo. Tsopano tengani kamera ya sensa ya mamilimita 11 pa telesikopu ya focal length ya mamilimita 1000: chithunzi chonse m'lifupi ndi ma arcminute 38, kuchokera pakati kukafika m'mphepete 19. Mukalowetsa manambala a J2000 m'makina amene akuyembekezera a lero, kometi ikhoza kugwera kunja kwa chithunzi, inu n'kumaisaka pakati.

Mankhwala ake ndi amodzi. Jambulani chithunzi chimodzi cha masekondi 10 kapena 20, muchipereke ku ASTAP kapena Astrometry.net kuti izindikire nyenyezi zilimo n'kukuuzani pamene telesikopu yaloza kwenikweni. Yerekezani ndi mzere wa Horizons wa ola lomwelo. Musayambe kujambula kwa ola lathunthu musanachite zimenezi.

Masamu:
Ngati malo ali bwino koma palibe chikuoneka, yang'anani mmene mwaphatikizira zithunzi. Kometi ya pa 10 AU imaoneka ngati yaima, koma siinaime. AU imodzi ndi makilomita pafupifupi 150 miliyoni, mtunda wa pakati pa ife ndi dzuwa. Dziko lapansi limathamanga makilomita 30 pa sekondi, pamene kometi ya njira yaitali ili pa 10 AU imangoyenda makilomita 13 pa sekondi. Zikaphatikizana, pa nthawi imene kometi ili moyang'anizana ndi dzuwa, ife tili pakati, imasuntha ma arcsecond 10 mpaka 20 pa ola.

Werengani pixel imodzi ya kamera yanu kuti imagwira thambo lalikulu bwanji: 206.265 kuchulukitsa ndi kukula kwa pixel mu ma micron, kugawa ndi focal length mu mamilimita. Pixel ya 3.76 pa 1000 imapereka ma arcsecond 0.78. Pa chithunzi cha masekondi 120, kometi yoyenda ma arcsecond 15 pa ola yasuntha theka la arcsecond, sizioneka n'komwe. Koma mukaphatikiza zithunzi 30 zotere mozilunzanitsa pa nyenyezi, kuwala kwa kometi kwamwazika pa mzere wa ma pixel 19. Nyenyezi ya magnitude 18 ituluka, chifukwa kuwala kwake konse kwaunjikana pamalo amodzi, kometi ya 16 n'kusowa.

Choncho phatikizani zithunzi potsata kuyenda kwa kometi. Mu Astrometrica kapena Tycho Tracker mumalowetsa liwiro ndi mbali imene ikulowera, pulogalamu n'kumasuntha chithunzi chilichonse ndi mlingo woyenera. Nyenyezi zimasanduka timizere, kometi imakhala kadontho. Gawani zithunzi 30 zija m'magulu atatu a khumikhumi, muzionetse motsatizana. Chinthu chenicheni chiyenera kuoneka m'magulu onse atatu, chikuyenda mbali ndi liwiro limene Horizons yanena. Chooneka m'gulu limodzi lokha ndi pixel yowonongeka kapena phokoso la kamera. Chooneka m'magulu onse koma chosasuntha poyerekeza ndi nyenyezi ndi mlalang'amba wakutali, ndipo milalang'amba ya magnitude 16 ndi 17 ili mbwee pathambo ponse. Musaiwale ma dark ndi ma flat (zithunzi zochotsera phokoso la kamera ndi kusiyana kwa kuwala pachithunzi), komanso kusuntha telesikopu ma pixel angapo pakati pa zithunzi.

Wophunzira Thambo:
Zikomo a Masamu. Ndiye kuti kuyenda kumene timaona n'kwa dziko lapansi kwambiri kuposa kwa kometiyo? N'chifukwa chake pamapu a chaka chonse mzere wake umapotanapotana m'malo mowongoka?

Masamu:
Eya, n'chomwecho. Ife timazungulira dzuwa kamodzi pachaka, ndiye chinthu cha pa 10 AU chimaoneka ngati chikupita uku n'kubwerera, pafupifupi madigiri 6 mbali iliyonse. Cha pa 30 AU, madigiri awiri okha. Kuyenda kwenikweni kwa kometi kumangokoka mikombero imeneyi kuti ikhale mzere wopotana. Pa makometi ambiri, kawiri pachaka liwiro limatsika kwambiri, ndipo pamenepo ola limodzi silikwana kutsimikizira kuti chikuyenda. Dikirani usiku wotsatira.

Pa za wotchi munafunsa zija: pa liwiro la ma arcsecond 15 pa ola, kulakwitsa ndi sekondi imodzi kapena khumi kulibe kanthu. Choopsa ndi kulakwitsa ndi maola athunthu, pamene pulogalamu ya kamera yalemba nthawi ya kwanuko m'malo mwa UT. Maola awiri ndi ma arcsecond 30. Sizingakulepheretseni kuipeza, koma muyeso wotere suyenera kutumizidwa kulikonse. Chimodzimodzi malo anu: kusiyana kwa pamene mwaima ndi pakati pa dziko lapansi kumasuntha kometi ndi ma arcsecond osapitirira 8.8 kugawa ndi delta. Pa 6 AU ndi 1.5. Posaka sizivuta, poyeza zimawerengedwa.

Mlonda:
Anzanga alongosola za malo, ine ndikhale pa kuwala, chifukwa ndikuganiza kuti funso la a Wophunzira lagona pamenepo. Malo a kometi imene yatsatidwa kwa zaka zingapo timawadziwa mpaka pa arcsecond. Kuwala kwake sitikudziwa choncho, ndipo nambala imene pulogalamu imalemba ndi chiyerekezo chabe.

Choyamba, magnitude 16 ya kometi si magnitude 16 ya nyenyezi. Ya kometi ndi kuwala konse kwa chifunga chozungulira phata lake, chija amati coma, kutasonkhanitsidwa pamodzi. Zili ngati tochi: mukaiyandikiza pakhoma pamawala kadontho, mukabwerera m'mbuyo kuwala komweko kumamwazika n'kuzilala. Kometi ya magnitude 13 yokhala ndi chifunga cha ma arcminute awiri m'mimba mwake yamwaza kuwala kwake pa ma arcsecond oposa 11,000 m'mabwalo, ndipo kabwalo kalikonse kakuwala ngati magnitude 23. Thambo la mdima wabwino palokha limawala pafupifupi 22 pa kabwalo komweko. Ndiye kometiyo ndi yozilala kuposa thambo limene ili kumbuyo kwake. Mwezi ukatuluka, kapena magetsi a m'tauni akaunikira m'mwamba, chimatsala ndi kachigawo kapakati kokha.

Chachiwiri ndi masamu ake: m = H + 5 log delta + 2.5 n log r, pamene m ndi magnitude imene timaona, H ndi magnitude imene kometi ikanakhala nayo r ndi delta zikanakhala 1 AU. Gawo la delta n'lodalirika, ndi mtunda basi. Vuto ndi n, imene imanena mmene kometi imadzukira ikamayandikira dzuwa. Kometi ikangopezeka, palibe amene amaidziwa n yake, ndiye amaikapo 4 kapena 3 mongoyerekeza. Taonani zotsatira zake. Kometi yapezeka pa r = 8, delta = 7.2, magnitude 19.3. Mukatenga n = 4, H imatuluka 6.0, ndipo ikadzafika pa r = 2, delta = 1.5, idzakhala 9.9, ya mabainokyula aakulu. Mukatenga n = 3, H ndi 8.2, ndipo pamalo omwewo idzakhala 11.4. Mukatenga n = 2, idzakhala 12.9. Muyeso woyambira ndi umodzi, koma mayankho asiyana ndi magnitude 3, kumene ndi kuwala kosiyana pafupifupi ka 16. Choncho musanakhulupirire pulogalamu, lowani pa COBS, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa miyeso ya kuwala kwa makometi, muone zimene anthu ayeza m'masabata awiri apitawa. Kumeneko ndiye kuli kuwala kwenikweni.

Chachitatu, ambiri amasangalala kuti kometi yayamba kuwala, pamene ndi dziko lapansi limene layandikira. Kometi ya pa 6 AU imakhala pa delta 5 nthawi ina, patapita miyezi 6 pa delta 7. Kusintha kumeneko kokha ndi magnitude 0.7. Pa muyeso uliwonse chotsani 5 log delta, zotsalazo muzijambule moyang'anizana ndi log r. Kutsetsereka kwa mzere umene utuluke ndiko 2.5 n, ndipo mzerewo ukapindika, kometi yasintha khalidwe.

Kadzidzi:
Ndiwonjezere chifukwa chimene mzerewo umapindikira, a Mlonda. Madzi oundana sayamba kutuluka mwamphamvu ngati nthunzi mpaka kometi itafika mkati mwa 3 AU. Kutali kuposa apo, zimene zimakankha fumbi ndi mipweya youndana imene imasanduka nthunzi ngakhale pozizira kwambiri, makamaka carbon monoxide ndi carbon dioxide. N'chifukwa chake C/2017 K2, imene inapezeka mu Meyi 2017 ili pa 16 AU, inali kale ndi chifunga, ndipo pa zithunzi zakale za 2013 inaoneka ili yodzuka kale pafupifupi pa 24 AU.

Kometi imene ikubwera koyamba kuchokera kumtambo wa Oort, chigulu cha makometi chozungulira dzuwa kutali kwambiri kupitirira mapulaneti onse, imakhala ndi mipweya imeneyi pamwamba penipeni. Imawala msanga ikadali kutali, anthu n'kuwerengetsera ndi n yaikulu, kenako mipweya ya pamwamba ija ikatha, kuwala kumakwera mwaulesi. Kohoutek inatero: inapezeka mu Malichi 1973 ili chakufupi ndi mtunda wa Jupiter, inalengezedwa kwambiri, koma siinafike pamene anthu ankayembekezera. Hale-Bopp inali yosiyana. Inapezeka mu Julayi 1995 pa 7.2 AU ikuwala kale chapakati pa magnitude 10 ndi 11, ndipo inasunga lonjezo mu 1997, chifukwa phata lake n'lalikulu komanso inali itadutsapo kale padzuwa.

Palinso zophulika. 29P imazungulira dzuwa pafupifupi pa 6 AU nthawi zonse, pa zaka pafupifupi 15, ndipo kangapo pachaka imadumpha kuchoka cha ku 16 kufika cha ku 12 m'tsiku limodzi. 17P/Holmes mu Okutobala 2007 inachoka pa 17 kufika pa 3 pasanathe masiku awiri. Halley yomwe inaphulika mu 1991 ili pa 14 AU, zaka 5 itadutsa kale padzuwa. Masamu aja sadziwa chilichonse cha zimenezi. Sadziwanso za kusweka, monga ISON mu Novembala 2013 ndi C/2019 Y4 mu Epulo 2020.

Diso Lakuthwa:
Pepani kulowerera. Pa manambala a makometi angapo akutali ndikuona e ya 1.0004, ina 1.002. Paja e ikaposa 1 njira ndi yotseguka. Kodi amenewa achokera kunyenyezi zina?

Masamu:
Ayi achimwene. Manambala amenewo awerengedwa poyang'ana dzuwa lokha, pa epoch imene kometi ili pakati pa mapulaneti. Dzuwa nalonso limagwedezeka chifukwa cha Jupiter, ndiye e imasinthasintha, lero 0.999, chaka chamawa 1.001. Kuti mudziwe kumene yachokera, mu Horizons sankhani manambala a njira, pakati pakhale barycenter, malo apakati a kulemera kwa dzuwa ndi mapulaneti onse pamodzi, tsiku libwerere m'mbuyo kufikira pamene kometi inali kutali ndi mapulaneti onse, ma AU mazana angapo. Pamenepo pafupifupi onse amabwerera pansi pa 1. Akatswiri amayang'ana 1/a yoyambirira, pamene a ndi theka la m'litali mwa njira: ikachepera 0.0001, kutanthauza kuti a yaposa 10,000 AU, kometiyo imawerengedwa kuti ndi yatsopano ya kumtambo wa Oort. Jan Oort anazindikira za mtambowo mu 1950 poona kuti makometi ambiri aunjikana pa manambala amenewa.

Zochokeradi kunja sizibisika: 'Oumuamua ya 2017 inali ndi e ya 1.2, 2I/Borisov ya 2019 yoposa 3, 3I/ATLAS ya 2025 yoposa 6. Palinso zobadwira kuno zimene zinaponyedwa kunja, monga C/1980 E1 imene inatuluka ndi e ya 1.057 itadutsa pafupi ndi Jupiter.

Chenjeraninso ndi kometi yongopezeka kumene. Miyeso itatu imakwana kutulutsa manambala 6 papepala, koma pa chinthu chakutali, kachidutswa ka njira ka masiku atatu n'kowongoka moti njira zambirimbiri zimakwanirapo. Poyamba amangoika e = 1 n'kusaka zotsalazo, ndipo q ndi T zikhoza kusintha kwambiri m'masabata oyambirira. Zimakhazikika pakapita miyezi, dziko lapansi litasuntha mokwanira kuti tiione kuchokera mbali ina, kapena zithunzi zakale zikapezeka. C/2014 UN271 inalengezedwa mu 2021 ili kale ndi njira yabwino chifukwa inapezeka m'zithunzi za Dark Energy Survey zoyambira mu 2014, ili pa 29 AU. Idzayandikira kwambiri dzuwa kumayambiriro kwa 2031 pa 10.9 AU, kunja pang'ono kwa njira ya Saturn. Ngakhale phata lake likuposa makilomita 100, ndi maso okha siidzaoneka.

Mayi Nthanda:
Tibwerere ku gawo lachiwiri la funso, la kuyeza malo. Nyenyezi zoyerekezera zichokere mu katalogi ya nyenyezi ya Gaia DR3. Makatalogi akale ali ndi zolakwika zawozawo zimene zimalowa m'miyeso yanu inu osadziwa. Nthawi imene imalembedwa ndi ya pakati pa kujambula, osati ya poyambira, ndipo pa gulu la zithunzi ndi ya pakati pa gulu lonselo. Wotchi ya kompyuta ilunzanitsidwe ndi ya pa intaneti musanayambe.

Chovuta pa kometi n'chakuti chimene mukufuna ndi phata, koma chimene mukuona ndi fumbi. Chifunga chikapendekera mbali imodzi, pulogalamu imakokera pakati pake chakumchira. Gwiritsani kabwalo koyezera kakang'ono, kongokwana kachigawo kowala kwambiri kapakati, ndipo onetsetsani kuti pakatipo sipanadzaze ma pixel mpaka kusefukira. Ngati kometi ikudutsa pa nyenyezi, siyani gulu limenelo, mudikire ichoke. Yang'ananitu malowo pa zithunzi zakale za thambo mu Aladin kuti mudziwe nyenyezi zozilala zimene zili m'njira yake usiku umenewo.

Miyeso iwiri kapena itatu pausiku, yotalikirana ndi mphindi 30 kapena ola, ndi yokwana. Miyeso 20 ya usiku umodzi siwongola njira, imangobwereza cholakwika chimodzi ka 20. Chimene chimathandiza ndi mausiku osiyana pa miyezi yambiri. Musanatumize, ikani miyeso yanu mu pulogalamu ya Find_Orb pamodzi ndi ya ena muone zotsalira, kusiyana kwa muyeso wanu ndi malo amene njira yowerengedwa ikupereka. Zikhale pansi pa arcsecond imodzi. Zikapendekera mbali imodzi motsata kumene kometi ikulowera, kaikirani nthawi. Zikapendekera kumchira, kaikirani kabwalo koyezera. Ku Minor Planet Center amalandira miyeso m'kalembedwe kotchedwa ADES, ndipo munthu watsopano amayamba ndi kuyeza ma asteroid odziwika bwino pa mausiku osiyana kuti apatsidwe khodi ya malo ake. Musayambire pa kometi.

Mlonda:
Pa kuyeza kuwala ndi maso, kwa makometi owala kuposa 12 pa telesikopu ya masentimita 20, njira yoyenera chifunga chomwazika ndi ya Sidgwick. Yang'anani kometi ili pa fokasi, musunge m'mutu kukula ndi kuwala kwake. Kenako chotsani pa fokasi mpaka nyenyezi zifufume kufika pa kukula komweko. Sankhani ziwiri, ina yowala kuposa kometi, ina yocheperapo. Ngati yoyamba ndi 10.2, yachiwiri 11.0, ndipo kometi ili magawo atatu mwa anayi kulowera ku yachiwiri, lembani 10.8. Bwerezani ndi nyenyezi zina ziwiri. Kwa kometi yothinana ngati nyenyezi, njira ya Bobrovnikoff ndiyo yabwino: zonse mumazichotsa pa fokasi limodzi mpaka zifanane kukula. Pewani nyenyezi zofiira, ndipo zoyerekezerazo zikhale pa msinkhu umodzi ndi kometi, chifukwa pa madigiri 30 kuchokera kuchizimezime kuwala kumadutsa mpweya wochuluka kawiri kuposa pamutu. Lembani kukula kwa chifunga, DC yake (kuthinana kwa chifunga) kuyambira 0 ya chomwazika mpaka 9 ya chonga nyenyezi, chipangizo, mphamvu yokulitsira, ndi katalogi. Gwiritsani chipangizo chaching'ono kwambiri chimene chikuionetsa bwino. Telesikopu yaikulu ndi kukulitsa kwambiri zimadula m'mphepete mwa chifunga, muyeso n'kutuluka wozilala.

Mayi Nthanda:
Apa ndisiyane nanu pang'ono bambo Mlonda. Makometi amene a Wophunzira akufunsa, a 15 mpaka 18, maso alibe nawo gawo. Ndi kamera basi, ndipo pa kamera chisokonezo chachikulu ndi kabwalo koyezera. Pa chifunga chokhazikika, kuwala kumene kabwalo kamagwira kumakula molingana ndi m'mimba mwake. Mukakulitsa kawiri, kuwala kwawirikiza, magnitude yasintha ndi 0.75. Anthu awiri, usiku umodzi, kometi imodzi, wina alemba 15.5 wina 17, onse osalakwa. Magnitude imene Astrometrica imalemba pambali pa muyeso wa malo ndi ya kabwalo kakang'ono, musaiyerekeze ndi magnitude yonse ya pa COBS.

Palinso china. Arcsecond imodzi ndi makilomita 725 kuchulukitsa ndi delta. Pa delta 5 ndi makilomita 3,625, pa delta 7 ndi 5,075. Mukasunga kabwalo ka ma arcsecond omwewo chaka chonse, ndiye kuti mukuyeza chigawo chosiyana cha fumbi mwezi uliwonse. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa Afrho, muyeso umene Michael A'Hearn ndi anzake anayambitsa mu 1984, wolembedwa mu masentimita. Umachotsa mphamvu ya mtunda ndi ya kabwalo, n'kutsala ndi chizindikiro cha kuchuluka kwa fumbi. Mukatenga kabwalo ka makilomita 10,000 kuchokera pakati, ndi ma arcsecond 2.8 pa delta 5, ndipo 2.0 pa delta 7. Gwiritsani fyuluta yofiira, kuti kuwala kwa mipweya kusalowerere.

Mlonda:
Sindikutsutsa za Afrho, Mayi, koma ili ndi malire ake. Ma arcsecond 2.0 amene mwatchulawo ndi ofanana ndi mmene mpweya umafufumitsira nyenyezi usiku wabwino. Usiku umene nyenyezi zafufuma kufika ma arcsecond 4, kuwala kwina kumatayikira kunja kwa kabwalo, ndipo Afrho imatsika popanda kometi kusintha. Pa makometi opitirira 6 AU ndi bwino kukulitsa kabwalo kufika makilomita 20,000 kapena kuposa, n'kulemba kukula kwake pa muyeso uliwonse. Komanso kometi ikangophulika, fumbi silikhala lokhazikika, ndiye Afrho imasiyana pa kabwalo kalikonse.

Magnitude yonse isatayidwe, chifukwa ndiyo imalumikiza miyeso ya lero ndi ya anthu a m'mbuyomu amene ankayeza ndi maso. Pa kamera imayezeka motere: kulitsani kabwalo pang'onopang'ono mukulemba kuwala, mpaka nambala ileke kukwera. Kuwala kwa thambo kuyezedwe kutali ndi kometi, mbali yopanda mchira. Mukakuyeza pafupi, mukuchotsa chifunga chomwe mukufuna kuyezacho, ndipo cholakwika chimenechi nthawi zonse chimazilalitsa kometi. Nyenyezi zoyerekezera ziyezedwe pa zithunzi zolunzanitsidwa pa nyenyezi, kometi pa zolunzanitsidwa pa kometi, koma zithunzi zake zikhale zomwezo.

Wophunzira Thambo:
Ndamva bwino akuluakulu. Funso lotsiriza: zonsezi zitatsatidwa, malo atsimikizika, zithunzi zaphatikizidwa moyenera, koma kometi osaoneka ndithu, pali choti munthu alembe?

Kadzidzi:
Chilipo, ndipo n'chofunika. Pezani nyenyezi yozilala kwambiri imene ikuoneka bwino pa zithunzi zomwezo, koma musalembe nambala yakeyo ngati malire a kometi, pa chifukwa chimene a Mlonda afotokoza. Ganizirani chifunga cha kukula kumene ena anayeza posachedwa, muwerengere malire a chinthu chomwazika chotero. Lembani kuti kometi inali yozilala kuposa nambala imeneyo, mutchule kukula kwa chifunga kumene mwaganizira, kutalika kwa nthawi yojambula ndi mmene mwezi unalili. COBS imalandira miyeso yotere. Pa 29P imathandiza kwambiri: wina akaipeza itaphulika mawa lake, muyeso wanu ndiwo umasonyeza kuti kuphulikako kunali kusanayambe pa ola lakuti.

Yang'ananinso kutalikirana kwake ndi dzuwa musanakonze za miyezi ikubwerayi. Kometi yakutali imene ili pafupi ndi njira ya mapulaneti imabisika kuseri kwa dzuwa miyezi iwiri kapena itatu chaka chilichonse, ndipo ikatsika pansi pa madigiri 40 imakhala m'munsi, m'kuwala kwa madzulo kapena kwa m'bandakucha. Ikamatulukanso, kokani manambala atsopano, yambani ndi zithunzi zambiri zazifupi chifukwa thambo limakhala lowala, ndipo muyeso woyamba wa kuwala muuyerekeze ndi mzere wanu wa log r, osati ndi muyeso wotsiriza wa isanabisike, popeza r ndi delta zonse zasintha pakatipa.